Magemu otuluka makina atakalamba: ndi ati oyenera ndalama zanu?

Funso lachokera kwa mnyamata wina wa ku Chilenje, ndipo ndalifupikitsa motere: "Ndili ndi PlayStation 3 (PS3) imene anandisiyira akulu anga, ndipo ndalama zimene ndasunga zingakwane PS4 yogwiritsidwapo kale. Anzanga akundiseka, akuti zimenezo n'zachikale, ndingodikira mpaka ndidzakwanitse PS5. Koma ndinamva kuti magemu abwino kwambiri amatuluka console ikatsala pang'ono kupuma. Kodi n'zoona? Nanga ndi magemu ati amene ndingayambe nawo?"

M'bale wanga, zimene munamvazo n'zoona, koma pali mbali ina imene ogulitsa madisiki m'tauni sangakuuzeni. Magemu otuluka kumapeto alipo a mitundu iwiri. Ena anapangidwira makina akalewo kuyambira pachiyambi, ndipo anachedwa chifukwa ntchito yake inali yaikulu. Amenewa ndiwo anthu amawatama. Enawo anapangidwira makina atsopano, kenako kampani n'kuwadula apa ndi apo kuti akwane m'makina akale, cholinga itoleko ndalama kwa amene sanasinthe. Pa shelefu onse amaoneka ofanana, chikuto chonyezimira, chaka chaposachedwa. Mukafika nawo kunyumba m'pamene mumadziwa kuti mwagula uti.

Tiyambe ndi PS3 yanuyo, chifukwa palibe makina ena amene amaonetsa nkhaniyi poyera ngati iyo. Inatuluka mu November 2006 ku Japan ndi ku America, ndipo ku Ulaya inafika mu March 2007. Mkati mwake Sony anaikamo purosesa yotchedwa Cell, imene anapanga mogwirizana ndi IBM ndi Toshiba. Inali yamphamvu koma yovuta kuiweta. Inali ndi mutu umodzi waukulu ndi timitu tina tothandizira, ndipo opanga magemu ankaloledwa kugwiritsa ntchito 6 mwa timitu timeneti. Memory yake inali 256MB ya ntchito zonse ndi 256MB ina ya zithunzi, basi. Foni yotsika mtengo imene mungagule ku Kamwala lero ili ndi memory yoposa pamenepo kangapo. M'zaka zoyamba makampani ambiri ankangokankhira ntchito yonse ku mutu waukulu uja, timitu tating'ono tili phee. N'chifukwa chake magemu ambiri otuluka pa PS3 ndi Xbox 360 nthawi imodzi ankayenda bwino pa Xbox, ngakhale kuti PS3 inali yokwera mtengo.

Tsono taonani zimene anachita a Naughty Dog, situdiyo yopanga magemu a PlayStation. Anatulutsa Uncharted yoyamba mu 2007, yachiwiri mu 2009, yachitatu mu 2011, kenako The Last of Us mu June 2013, patangotsala miyezi isanu kuti PS4 ifike. Makina ndi omwewo, palibe waya ngakhale mmodzi amene anawonjezedwa. Koma mukaika Uncharted yoyamba pa TV imodzi ndi The Last of Us pa ina, mlendo angalumbire kuti ndi ma console awiri osiyana. Zili ngati dalaivala amene wayendetsa minibasi imodzi zaka zambiri panjira ya ku Matero: amadziwa giya imene imakana, amadziwa pamene injini imafuna kupuma, ndipo basi imene wina angaikankhire ku garaji iye amafika nayo ku City Market nthawi yabwino. Opanga magemu nawonso akamafika chaka chachisanu ndi chiwiri amakhala atadziwa pobisa chilichonse. Zida zawo zolembera gemu zimakhala zitakhwima, ndipo nthawi imene kale ankathera kulimbana ndi makina amaithera pa nkhani, pa mawu a anthu a mu gemu, pa kuwala kolowera pawindo.

Chifukwa china ndi ndalama. Console ikangotuluka, ogula amakhala ochepa, ndipo kampani siingaike chuma chake chonse pa gemu yoti igulidwe ndi anthu ochepawo. Pofika kumapeto, makina amakhala ali m'nyumba mamiliyoni ambiri. PS2 inagulidwa yoposa mamiliyoni 155, PS3 yoposa mamiliyoni 85, PS4 yoposa mamiliyoni 115. Kampani ya Rockstar itatulutsa Grand Theft Auto V (GTA V) pa 17 September 2013, anasankha PS3 ndi Xbox 360, osadikira makina atsopano amene anali m'njira, ndipo m'masiku atatu chabe gemuyo inabweretsa ndalama zoposa madola biliyoni imodzi. Komanso gemu yaikulu masiku ano imadya zaka zisanu kapena kuposa kuti ithe. Imene yayambidwa console ili yatsopano imapezeka ikutuluka console itachita imvi.

Pa PS3 yanuyo, ndiye, yambani ndi The Last of Us. Ndi ulendo wa bambo wina dzina lake Joel ndi kamtsikana kotchedwa Ellie, akudutsa America itawonongeka ndi mliri. Zipolopolo zimakhala zochepa, mumayenda mozemba, nthawi zina chida chanu ndi njerwa kapena botolo. Ine ndimaiika pamwamba pa magemu onse a PS3, ngakhale ndikudziwa kuti amene amakonda kuwombera mosalekeza amatopa nayo m'maola oyamba. Pirirani mpaka mutuluke mumzinda woyamba.

GTA V mwina munaisewerapo kale m'timashopu ta magemu, koma kumeneko anyamata amangoba magalimoto n'kuthawa apolisi mpaka nthawi yawo itatha. Iseweretu nkhani yake kunyumba, ndipo muonetsetse chinthu chimodzi. Mukasintha munthu amene mukumuyendetsa, kuchoka kwa Franklin kupita kwa Trevor, kamera imakwera kumwamba, n'kuima pang'ono mumitambo, kenako n'kutsikira mbali ina ya mzinda. Ambiri amaona ngati ndi kukongoletsa chabe. Ayi, pamenepo makina amakhala akutaya dera limodzi m'memory n'kunyamula lina, chifukwa onse awiri sangakwanemo. Gemuyi imawerenga kuchokera pa disiki ndi pa hard drive nthawi imodzi kuti ipeze liwiro, mpaka a Rockstar anachenjeza eni Xbox 360 kuti asaike disiki yachiwiri pa hard drive. Nzeru zotere munthu sakhala nazo chaka choyamba. Dziwani chabe kuti GTA Online ya pa PS3 inatsekedwa mu December 2021, choncho wina asakunamizeni kuti mudzasewera ndi anzanu pa intaneti.

Zina za PS3 ndingozitchula mwachangu. Gran Turismo 6 inatuluka mu December 2013, PS4 ili kale m'masitolo, ndipo kwa okonda magalimoto ndi chuma. Assassin's Creed Rogue ya 2014 inapangidwira PS3 ndi Xbox 360 mwadala, pamene makina atsopano ankalandira Unity imene inatuluka ndi mavuto ambirimbiri. Far Cry 3 ndi Tekken Tag Tournament 2 za 2012, Tomb Raider ndi BioShock Infinite za 2013, zonsezi zimayenda bwino. Ndipo pali Persona 5, imene inafika kunja kwa Japan mu April 2017, PS3 itapitirira zaka khumi. Imeneyo njofuna munthu wokonda kuwerenga Chingelezi chambiri pa sikirini komanso wokhala ndi nthawi, chifukwa imadya maola pafupifupi 100.

Ndisanafike pa PS4, ndiloleni ndipatuke pang'ono ndinene za PS2, chifukwa ife akuluakulu ndi imene inatilera, ndipo m'makomboni ngati Chawama ndi Kanyama ikadalipo. God of War II inatuluka mu March 2007, PS3 ili kale pamsika ku America. Anthu ankadabwa kuti bwanji Sony sanaisunge kuti ikagulitse makina atsopano. Gemuyo imayamba ndi Kratos, msilikali amene mumamuyendetsa, akumenyana ndi chifanizo chachikulu cha pa Rhodes, chimene chimamusaka mzinda wonse, dzanja lake likuboola khoma, nkhope yake ikusuzumira pawindo. Zonsezo zinkachitika m'makina a memory ya 32MB. Amene anaitsogolera, Cory Barlog, ndi yemweyo anadzatsogolera God of War ya pa PS4 mu 2018. Shadow of the Colossus ya 2005 inafinya PS2 mpaka zithunzi zinkachita kudukiza zimphona zikayamba kuyenda. Okami ya 2006 inali yokongola ngati chojambula pamanja, koma inagulidwa pang'ono, ndipo Capcom anatseka situdiyo ya Clover imene inaipanga. Limenelo ndi tsoka la magemu ochedwa: maso a anthu amakhala atatembenukira kale ku chatsopano. Conker's Bad Fur Day ya pa Nintendo 64 inaona zomwezo mu 2001.

A Nintendo chizolowezi chawo n'chotsanzika makina ndi gemu ya Zelda. Twilight Princess inatseka GameCube mu 2006, Breath of the Wild inatuluka pa Wii U pa 3 March 2017, tsiku lomwelo limene Switch inabadwa, ndipo Tears of the Kingdom inafika mu May 2023 Switch ili ndi zaka 6. Kuno kwathu Nintendo si yofala, ndiye ndisakutayitseni nthawi.

Tsopano funso lanu lenileni, kugula PS4 kapena kudikira. Ine ndikuti gulani PS4. Anzanuwo afunseni kuti pa PS5 zawozo akusewera chiyani. Ambiri adzakutchulirani mpira ndi magemu amene aliponso pa PS4. Makina amenewa anatuluka mu November 2013 ndipo chaka chake chomaliza asanalowedwe m'malo, 2020, chinali chokolola. Final Fantasy VII Remake mu April, The Last of Us Part II pa 19 June, Ghost of Tsushima pa 17 July, ndipo PS5 inabwera mu November.

Mwa zitatuzi, disiki yoyamba kugula ikhale Ghost of Tsushima. A Sucker Punch, amene anaipanga, anakhala nayo zaka pafupifupi 6 chitulutsireni inFamous Second Son mu 2014. Nkhani yake yachokera pa zimene zinachitika mu 1274, pamene a Mongol anaukira chilumba cha Tsushima ku Japan, ngakhale kuti Jin Sakai amene mumamuyendetsa ndi wongopeka. Chimene chimandisangalatsa n'chakuti pa sikirini palibe kamapu kapangodya kapena muvi wokulozerani njira. Mukakhudza pakati pa pad ndi chala n'kukankhira mmwamba, mphepo imaomba, udzu ndi masamba n'kuweramira kumene muyenera kupita. Nthawi zina kambalame kachikasu kamauluka patsogolo pa hatchi yanu, mukakatsatira mumapeza kasupe kapena kachisi wobisika. Ndiponso mukafa kapena mukadumphira dera lina pa mapu, gemu imabwerera msanga modabwitsa, chonsecho ikuwerenga pa hard drive wamba wochedwa uja. Kwa ife amene magetsi amatipatsa maola owerengeka, gemu yosataya mphindi pa loading ndi dalitso.

The Last of Us Part II ndiyo yokongola kuposa zonse pa PS4, ndipo inapata mphoto ya gemu ya chaka ku The Game Awards mu 2020. Koma musaiyambe musanamalize yoyamba, ndipo konzekerani mtima, chifukwa njolemetsa, yodzaza ndi kubwezera, ndipo inagawanitsa anthu kwambiri. Red Dead Redemption 2 ya October 2018 siili kumapeto kwenikweni, koma inapangidwa zaka zambiri ndipo ili m'gulu lomweli. Njodekha, munthu amatha theka la ola akungoyenda pa hatchi. Ena amagona nayo, ine ndimaikonda.

PS4 inachitanso mwayi umene makina akale sanauone. PS5 itatuluka inasowa m'masitolo padziko lonse chifukwa cha kuchepa kwa tizipangizo ta mkati nthawi ya Covid-19, ndipo Sony anapitiriza kutulutsa magemu ake aakulu pa makina onse awiri. Spider-Man: Miles Morales mu 2020, Horizon Forbidden West ndi Gran Turismo 7 kumayambiriro kwa 2022, God of War Ragnarök mu November 2022. Awa ngakhale ali pa makina awiri, ambiri mwa iwo maziko ake ndi a PS4, ndipo amayenda bwino. Elden Ring ya 2022 ndi Resident Evil 4 yokonzedwanso ya 2023 nazonso zilipo ndipo n'zoseweleka. Ngati kunyumba kuli ang'ono anu, zambiri zimene ndatchulazi n'za anthu a zaka 18 kupita mmwamba, zolembedwa pachikuto pomwe. Iwowo apezereni Crash Bandicoot 4 kapena Sackboy: A Big Adventure, zonse za 2020. It Takes Two ya 2021 siiseweredwa ndi munthu mmodzi, imafuna awiri, ndipo pa mpando umodzi ndi ma pad awiri imakoma zedi.

Nanga zoti muzipewe? Paja akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Gemu ikapangidwira makina atsopano n'kukakamizidwa kulowa m'akale, wovumbwa amakhala mwini makina akale. Cyberpunk 2077 inatuluka pa 10 December 2020, ndipo pa PS4 wamba inali yosweka kwambiri moti patangotha sabata imodzi Sony anaichotsa m'sitolo yake ya pa intaneti n'kuyamba kubweza ndalama. Inabwereramo mu June 2021. Anaikonzako, koma gawo lake lowonjezera la Phantom Liberty silinafike pa PS4 n'komwe. Imeneyo isungireni tsiku limene mudzakhale ndi PS5. Pa PS3 misampha ilipo iwiri yodziwika. Call of Duty: Black Ops III ya 2015 ilibe nkhani yosewera nokha, anaichotsamo yonse. Middle-earth: Shadow of Mordor ya 2014 inatchuka chifukwa adani ake amakukumbukirani n'kumakwezedwa maudindo akakuphani, koma pa PS3 mbali imeneyo anaichepetsa kwambiri, n'kusiya loading yotopetsa ngakhale potsegula menyu. Njira yodziwira njosavuta. Musanagule, fufuzani vidiyo ya gemuyo ikuseweredwa pa makina anu enieniwo, osati pa atsopano. Ma MB ochepa a bundle amene mungathere pamenepo ndi ochepa poyerekeza ndi mtengo wa disiki.

Mpira ndiupatse malo ake, chifukwa ku Lusaka console yopanda mpira imaoneka ngati yosakwanira. Apa mitundu iwiri ija imaonekera bwino. Pro Evolution Soccer (PES) 6 ya 2006 pa PS2 mpaka lero ena amaitcha mpira wabwino kuposa yonse, ndipo inaposa ya pa Xbox 360 ya chaka chomwecho, imene inali ndi mabwalo ochepa komanso zosintha zochepa. PES 2013 pa PS3 inali yakupsa bwino, kenako Konami, kampani yoipanga, anasintha injini mu PES 2014 zinthu n'kubwerera m'mbuyo. PES 2021 pa PS4 ndi yomaliza ya dzina limeneli, ndipo eFootball imene inailowa m'malo mu 2021 inayamba moipa mpaka kukhala choseketsa pa intaneti. Ngati mumakonda Master League, gawo loyendetsa timu ngati kochi, PES 2021 igwireni ndi manja awiri. Koma mukaona mawu akuti Legacy Edition pachikuto cha FIFA, dziwani kuti ndi gemu ya chaka chatha imene angoisintha majezi ndi mayina a osewera. FIFA 19 ndiyo yomaliza pa PS3, ndiye Patson Daka atavala jezi ya Leicester simudzamupezamo, popeza anapitako mu 2021. PS2 nayo inalandira FIFA 14 ndi PES 2014 mu 2013, koma zinali mayina atsopano pa thupi lakale.

Chomaliza ndi cha ku benchi yokonzera makina. Magemu ochedwawa amagwiritsa ntchito mphamvu zonse za console, ndiye amaitenthetsa kuposa ena onse. PS4 imene imasewera mpira mwakachetechete, mukaiika God of War fani yake imalira mpaka a nyumba yoyandikana kumva. Ambiri amathamangira kunena kuti makina afa, pamene vuto ndi fumbi. Mukatsegula PS4 imene yakhala pansi pa TV m'nyumba ya m'mbali mwa msewu wafumbi kuyambira August mpaka October, mumapeza kuseri kwa fani kuli chinsalu cha fumbi ndi ubweya wa bulangeti, chomatirira pa zitsulo zoziziritsira moti mumachita kuchisenda ndi chala. Mafuta otuwa a pa purosesa, thermal paste, amakhala atauma gwa ngati dothi. Nthawi zina m'bokosi la magetsi mumapezeka mphemvu zouma, chifukwa zimakonda kufunda kwa mmenemo, ndipo ndi zimene zimawotcha makina ambiri. Choncho pogula PS4 yogwiritsidwapo kale, kaya m'tauni kaya kwa munthu wa pa Facebook, musaiyese ndi FIFA. Tengani disiki yolemera ngati God of War kapena Red Dead, muisewere mphindi 20 muli pomwepo, mumve fani, muone ngati ikuzima yokha. Mukagula, ipititseni kwa wokonza aipukute n'kuika paste watsopano, ndipo kunyumba muiike pamwamba, pamalo opita mphepo, osati m'kabati yotseka. Ngati pali kusankha, PS4 Slim yopyapyala ija imadya magetsi ochepa kuposa yoyamba ija yonenepa, zimene zimathandiza ngati mumadalira inverter kapena sola. Magetsi akamazimazima musaisiye pa rest mode, pamene imangogona osazimiratu, izimitseni yonse, chifukwa kuzima mwadzidzidzi kumawononga zosungidwa pa hard drive.

Gulani madisiki, osati kudawuniloda. The Last of Us Part II, Red Dead Redemption 2 ndi Final Fantasy VII Remake iliyonse imabwera ndi madisiki awiri, ina yoikira gemu mu makina, ina yosewerera. Wogulitsa akakupatsani imodzi, bwezani. Iliyonse mwa zimenezi imadya malo oyandikira 100GB, ndiye pa PS4 ya 500GB zinayi zokha zimadzaza tho. Hard drive wakunja wa USB 3.0, kuyambira 250GB kupita mmwamba, amathetsa vutoli, ndipo PS4 imamulandira kuyambira 2017. Madisiki a PS4 alibe malire a dziko, ya ku Dubai, ya ku Johannesburg, ya ku America zonse zimasewera. Koma zowonjezera zogula pa intaneti zimafuna kuti akaunti yanu ikhale ya dera limodzi ndi disikiyo, ndiye yang'anani chikuto musanalipire. PS3 yanuyo musaigulitse msanga, chifukwa PS4 siiwerenga madisiki a PS3. Koma a PS4 pafupifupi onse amasewera pa PS5 yokhala ndi polowetsa disiki, choncho tsiku limene mudzaigule, musadzatenge ya Digital Edition.